Mwana wa Sitandade 2 akusowa womumvetsera

M'sukulu zambiri za pulayimale m'dziko muno muli ana amene afika Sitandade 3, ena Sitandade 4, koma chiyambire sukulu palibe munthu wamkulu anakhalapo nawo pansi n'kuwamvetsera akuwerenga okha mzere umodzi mpaka kumapeto. Si kuti aphunzitsi ndi aulesi. Tangowerengerani nokha. Kalasi ya ana 100 si yachilendo mu Sitandade 1 ndi 2, ndipo kwina amapitirira pamenepo. Mphunzitsi atati asiye zonse, asalembe pabolodi, asaitane mayina, asaletse phokoso, angotenga ola lathunthu kumvetsera ana mmodzimmodzi, mwana aliyense angapeze masekondi 36. Masekondi amenewa amatha mwana wamanyazi asanatsegule n'komwe pakamwa.

Ndiye mphunzitsi amachita zimene wina aliyense angachite. Amaloza pabolodi, ana onse n'kuyankha pamodzi. Ukamadutsa pamsewu umamva mawu okoma, "ba, be, bi, bo, bu," n'kumati kuno maphunziro akuyenda. Koma kalasi yoyankha pamodzi ili ngati kwaya ya kutchalitchi: odziwa nyimbo ndi ochepa a kutsogolo, enawo amangogwedeza milomo, ndipo amene akumvera ali panja sangadziwe. Mwana amatha chaka chonse akutero, mpaka kuloweza tsamba lonse la buku. Mumutsegulire tsamba lomwelo, muloze mawu a pakati m'malo moyambira kumayambiriro, muona maso ake akuthawira ku chithunzi kukafuna yankho.

Apa ndi pamene pali malo a munthu wodzipereka, ndipo malowo ndi aang'ono kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Wodzipereka asapite kusukulu kukakhala mphunzitsi wachiwiri, kukaima kutsogolo ndi choko n'kumayankhitsa ana pamodzi monga achitira aphunzitsi. Zimenezo zilipo kale zokwanira. Apite kukachita chinthu chimodzi chimene mphunzitsi wa ana 100 sangathe, chomwe ndi kukhala pansi ndi ana asanu kapena asanu ndi atatu, kumva aliyense akuwerenga yekha, kupeza pamene wakodwa, n'kumumasula pomwepo. Akapitirira apa, nthawi zambiri amasokoneza kusiyana n'kuthandiza.

Kukula kwa vutoli kunayezedwa kale. Kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, amene anayesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, anaika Malawi pansi penipeni pa nkhani yowerenga, pafupi kwambiri ndi anansi athu a ku Zambia. Mu 2010 kunachitika mayeso a EGRA, amene amakhazika mwana payekha n'kumupatsa kankhani kakafupi ka Chichewa. Ana a Sitandade 2 oposa 70 mwa 100 alionse sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhaniko. Onetsetsani kuti mayesowo anachita chinthu chimene kalasi sichita, kumumvetsera mwana ali yekha, ndipo n'chifukwa chake anaulula zimene zinkabisika.

Gwero lake tonse tikulidziwa. Boma la a Bakili Muluzi litathetsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Chinali chinthu chabwino, ndipo sindidzagwirizana ndi amene amati bola kale. Koma makalasi sanamangidwe mofanana ndi kuchuluka kwa ana, ndipo boma linalemba anthu zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji ya uphunzitsi kuti akaime m'makalasi, n'kumawaphunzitsa ali pantchito kale. Chiyambire nthawi imeneyo takhala tikuthamangitsa chiwerengero cha ana osachipeza. Unduna umafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma ngakhale pasukulu pamene chiwerengerochi chikuoneka bwino papepala, mukapeza kuti Sitandade 8 ili ndi aphunzitsi angapo osinthana maphunziro pamene Sitandade 1 yasiyidwira mayi mmodzi. Sukulu zimatchuka ndi ana osankhidwa kupita kusekondale, ndiye mphamvu zonse zimapita kumene kuli mayeso a MANEB. Palibe sukulu imene inatchulidwapo pawailesi chifukwa chakuti ana ake onse a Sitandade 2 akuwerenga.

Sindikunena kuti boma langokhala. Kuyambira 2016 pali ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse, National Reading Programme, imene inabweretsa mabuku atsopano a Chichewa ndi Chingerezi a Sitandade 1 mpaka 4 ndi njira yophunzitsira yoyambira pa maliwu a malembo, kenako maphatikizo, kenako mawu, mpaka kuwerenga mosadodoma ndi kumvetsa nkhani. Njirayo ndi yabwino. Kuyambira 2023 palinso BEFIT, imene ikupereka matabuleti m'sukulu kuti ana aziphunzirapo kuwerenga ndi masamu, aliyense pa liwiro lake. Tabuleti imamudikira mwana, siitopa naye, ndipo pamenepa yapambana kalasi yodzaza. Koma siidziwa kuti mwana uyu sanabwere sabata yatha chifukwa amayi ake anali kuchipatala, komanso singapite kwawo kukamufunsa. Tikumbukirenso kuti ndalama zambiri za ndondomeko yowerengayi zinkachokera ku USAID, imene boma la America linatseka mu 2025. Amene ankadalira kuti athandizi akunja atipirira mpaka ana athu onse adziwe kuwerenga aganizenso.

Ena amati Amalawi sadzipereka popanda kangachepe. Akadzuke m'mamawa akaone pasukulu pamene pali phala. Bungwe la Mary's Meals linayamba kuno mu 2002 ndi ana 200, ndipo lero limadyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'dziko muno tsiku lililonse la sukulu. Amene amasonkha moto kusanache, kutunga madzi, kutakasa mphika waukulu uja utsi uli m'maso, ndi amayi a m'midzi yozungulira sukuluyo, mosinthana, popanda malipiro. Zaka zoposa 20 zapita ndipo moto ukuyakabe. Chinsinsi chake n'chosavuta kuchiona. Ntchitoyo ndi imodzi, yodziwika poyambira ndi pothera, aliyense akudziwa tsiku lake, zipangizo zimafika, ndipo phindu lake limaoneka m'mawa womwewo m'makapu a ana. Kuthandiza ana kuwerenga kutakonzedwa chomwechi, anthu apezeka. Chimene chimapha kudzipereka ndi ntchito yosadziwika malire, yoti "muzibwera kudzathandiza ana," munthu n'kufika pasukulu osadziwa kuti alowe khomo liti.

Ku India anayesa zimenezi mosamala, ndipo zimene anapeza n'zofunika kuti tizimve zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. M'boma la Jaunpur, m'chigawo cha Uttar Pradesh, bungwe la Pratham pamodzi ndi akatswiri ena, kuphatikizapo Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel mu 2019, anayesa njira zitatu m'midzi yosiyanasiyana. Kwina anangochititsa misonkhano, kuuza makolo ndi makomiti za udindo wawo pasukulu. Kwina anawonjezera kuphunzitsa anthu kuyesa ana awo kuti aone okha mmene zinthu zilili. Njira ziwiri izi sizinasinthe kanthu pa kuwerenga kwa ana. Kwachitatu anatenga achinyamata odzipereka a m'mudzi momwemo, n'kuwaphunzitsa masiku anayi okha njira yosavuta yophunzitsira kuwerenga, iwo n'kumakumana ndi ana akaweruka kusukulu. Ana amene ankapita kumeneko anasintha kwambiri, moti ambiri amene sankadziwa ngakhale lembo anayamba kuzindikira malembo m'miyezi yochepa.

Phunziro loyamba ndi la ife okonda misonkhano. Kusonkhanitsa anthu pansi pa mtengo, mfumu n'kulankhula, a komiti n'kulankhula, mlendo wolemekezeka n'kulankhula za kufunika kwa maphunziro, sikuphunzitsa mwana lembo ngakhale limodzi. Phunziro lachiwiri ndi lowawa lija. Ana amene ankapita ku makalasi a odziperekawo anali pafupifupi 8 okha mwa 100 alionse. Njira inali yabwino koma ana ambiri oifuna sanafikeko. A Pratham atazindikira zimenezi anasintha, n'kumachititsa maphunzirowa pasukulu pomwepo, nthawi ya sukulu, ana atagawidwa motengera pamene afika powerenga osati kalasi imene ali. Ku Zambia unduna wa maphunziro unatenga njira yomweyi mu 2016 pansi pa dzina lakuti Catch Up, ndipo chimodzi mwa zigawo zimene inakhazikika msanga ndi cha kum'mawa, kwa abale athu olankhula chiyankhulo chomwechi. Kumeneko amaiyendetsa ndi aphunzitsi eniake, kwa ana a Giredi 3 mpaka 5, koma mfundo yake ndi yomweyo: yamba wadziwa pamene mwana ali.

Nanga pamene mwana ali umapadziwa bwanji? Sizifuna digiri. Umatenga pepala limodzi lokhala ndi malembo angapo, maphatikizo angapo, mawu angapo, ziganizo zinayi, ndi kankhani kakafupi. Umayamba ndi ziganizo. Akalephera umatsikira ku mawu, akalepheranso ku maphatikizo, mpaka upeze pamene akuima bwino. M'mphindi zisanu wadziwa zimene lipoti la kumapeto kwa teremu silinena. Kenako ana osadziwa malembo akhale paokha, ophatikiza movutika paokha, owerenga modukizadukiza paokha, ngakhale wina ali Sitandade 2 wina Sitandade 4.

Mwana wokodwa amaoneka chonchi. Mwamulembera pansi ndi kamtengo mawu akuti "phala." Akuyang'ana, akuti "pa," waima, akukuyang'anani kumaso kuti aone ngati mwakwiya. Apa ndi pamene odzipereka ambiri amalakwitsa chifukwa cha chifundo, amamuuza yankho msanga kuti asachite manyazi. Dikirani. Muuzeni aike dzanja patsogolo pa kamwa anene "pala," kenako anene "phala," amve yekha mpweya ukumuomba m'dzanja. Muloze "h" uja, mumuuze kuti mpweya umenewo ndi uyu. Kenako "kala" ndi "khala," "tumba" ndi "thumba." Mwana amene wakhala zaka ziwiri akudabwa kuti kalembo aka kamadzatani amaseka, ndipo mawa lake amabwera atapeza yekha mawu ena. Ana ambiri a Sitandade 3 amene amatchedwa mbuli sanakodwe pa zinthu zambiri. Akodwa pa maphatikizo a malembo awiri, atatu kapena anayi, "mb," "nd," "dz," "nkh," "mph," "ntch," ndi kusiyana kwa "ngo" wa mu "ngoma" ndi "ng'o" wa mu "ng'ombe." Tsiku limene kalasi inkaphunzira zimenezi iwo anali ndi malungo, kapena anali kumbuyo kwenikweni kumene bolodi silioneka, ndipo silabasi siibwerera m'mbuyo.

Chichewa chimatikomera mtima pa nkhani imeneyi. Chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pamene lalembedwa. Mwana akagwira maliwu ndi kaphatikizidwe kake, akhoza kuwerenga mawu alionse a Chichewa, ngakhale amene sanawaonepo. Chingerezi sichitero, lembo limodzi limamveka mosiyanasiyana malinga ndi mawu. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona wachinyamata wa mtima wabwino, amene wangolemba kumene MSCE, atasonkhanitsa tiana n'kumatiimbitsa "ei, bii, sii, dii." Mwana wophunzira mayina a malembo a Chingerezi asanadziwe maliwu ake, ukamulembera "ba" amati "bii-ei," n'kumadabwa kuti bwanji sizikupanga mawu. Kusukulu aphunzitsi akumuuza china, masana ankolo odzipereka akumuuza china. Wodzipereka ayambe wakhala m'kalasi kumbuyo, masiku angapo, kumva mmene aphunzitsi akutchulira maliwu, kuti onse awiri azikoka chingwe kulowera mbali imodzi.

Ndikudziwa kuti makolo ambiri akufuna Chingerezi, ndipo sindiwanyoza. Aona okha kuti ntchito, mayeso ndi maofesi zonse zili m'Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna ya maphunziro ya nthawiyo, a Lucius Kanyumba, inalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Koma kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha. Mwana amene wazindikira m'chiyankhulo chimene amachimva kuti zolembedwa papepala ndi mawu omwe aja amalankhula, amatenga nzeru imeneyo n'kupita nayo ku Chingerezi. Amene akuyamba ndi chiyankhulo chachilendo akulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo akhoza kutchula chiganizo chonse molondola osamva kanthu. Kholo likabwera n'kunena kuti "Aphunzitseni Chizungu, Chichewa amachidziwa kale," muliyankhe mwaulemu kuti kulankhula amadziwadi, koma tayesani kumupatsa kalata ya agogo ake awerenge.

Pamenepa wodzipereka wa m'mudzi ali ndi chuma chimene mphunzitsi wotumizidwa kuchokera kutali nthawi zina alibe. Mwana wa ku Mangochi kapena Machinga amene kwawo amalankhula Chiyao, wa ku Nsanje wolankhula Chisena, wa ku Rumphi wolankhula Chitumbuka, amafika mu Sitandade 1 n'kupeza buku la Chichewa ndi buku la Chingerezi, zonse ziwiri zosakhala za kwawo. Munthu wa pamudzi pomwepo akhoza kumufotokozera m'chiyankhulo cha amayi ake kuti mawu awa akutanthauza chiyani, n'kumuwolotsa. N'chifukwa chakenso sinditengeka mtima kwenikweni ndi alendo ochokera kunja amene amabwera milungu iwiri, kujambulitsa ndi ana, kuwaphunzitsa kanyimbo ka Chingerezi n'kukwera ndege. Mtima wawo ndi wabwino. Koma ndalama ya tikiti imodzi ikanagula mabuku a nthano odzaza kabati, ndipo abale athu amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain amene amafunsa kuti angathandize bwanji sukulu ya kwawo, yankho lake ndi lomweli.

Tsopano tibwere ku mawu otsutsa amene ali ndi mphamvu kuposa onse. Pali achinyamata ambiri amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi m'makoleji athu n'kukhala zaka akudikira kuti boma liwalembe ntchito. Ena akuyendetsa kabaza, ena akuphunzitsa m'sukulu za anthu wamba pa malipiro ochititsa manyazi. Munthu wotere akamva ine ndikuitana odzipereka ali ndi ufulu wokwiya. Akhoza kufunsa kuti, kodi mukufuna anthu aulere agwire ntchito imene ine ndinaiphunzira, kuti boma lipeze podzikhululukira? Funsoli ndi loona, ndipo zimene akuopazo zinachitikapo. Taonani sukulu za mkaka za m'midzi, kumene alezi akhala zaka zambirimbiri akulera ndi kuphunzitsa tiana mongodzipereka, dziko lonse n'kuzolowera kuti ntchito imeneyo ndi yaulere. Zimene zinayamba ngati kuthandiza zinasanduka njira yoyendetsera maphunziro a ana aang'ono popanda kulipira.

Yankho langa ndi lakuti malire aikidwe poyera, ndipo odzipereka eniake ndi amene ayenera kuwateteza. Wodzipereka asalandire kalasi. A hedi akanena kuti "Madamu a Sitandade 2 apita kumaliro, tagwirizirani kalasiyi lero," akane mwaulemu, chifukwa akavomera kamodzi adzapezeka kuti wagwirizira teremu yonse ndipo ku ofesi ya maphunziro ya boma kudzaoneka ngati pasukulupo palibe vuto. Asalembe sikimu, asachonge mayeso, asalowe pa ndandanda ya aphunzitsi. Komiti ya sukulu imene ili ndi odzipereka ipitirize kulemba makalata opempha aphunzitsi, mwinanso mokweza kuposa kale, chifukwa tsopano ili ndi umboni m'manja: ana akutiakuti a Sitandade 3 tawayesa, osadziwa malembo ndi awa. Ndipo tinene zoona, ngakhale boma litalemba aphunzitsi onse amene akudikira mpaka kalasi iliyonse itsike kufika pa ana 60, ola lija likagawidwa mwana aliyense apeza mphindi imodzi. Womumvetsera adzafunikabe. Koma mwana amene ali Sitandade 2 chaka chino sangadikire bajeti ya zaka zitatu zikubwerazi. Pofika nthawi imeneyo adzakhala atabwereza kalasi kawiri, kapena atasiya.

Nkhani ya alawansi nayo tisaizembe. Mabungwe anatizoloweza kuti maphunziro alionse amathera ndi envulopu, ndiye pulojekiti ikatha, envulopu ikasiya, anthu amabalalika. Malo owerengera a m'midzi si chinthu chatsopano kuno. A Save the Children anayamba nawo ku Zomba cha m'ma 2009, ndipo mabungwe ena anatsatira m'maboma ena. Nzeru yake inali yabwino, koma chilichonse choyambitsidwa ndi galimoto yoyera chimakhala pa chiopsezo chofa galimotoyo ikasiya kubwera. Ine ndingakonde ntchitoyi itakhala m'manja mwa magulu amene analipo pulojekiti isanabwere ndipo adzakhalapo ikadzatha: amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, miphakati ya Akatolika, makomiti a pamzikiti, magulu a amayi a pasukulu, aphunzitsi opuma pantchito amene angokhala pakhonde ndi luso lawo lonse. Anthu amenewa amadziwa kale kugawana masiku, amayendera odwala, amaphika pamaliro, ndipo palibe amawalipira. Chofunika n'chakuti ntchito ikhale yopepuka moti munthu angaichite osasiya dimba lake kapena geni yake: ola limodzi, kawiri kapena katatu pa sabata, kwa teremu imodzi, kenako wina alandire. Tikayamba kufuna kuti munthu azibwera tsiku lililonse chaka chonse, imeneyo ndi ntchito, ndipo ntchito imalipidwa. Tisamachite manyazi kunena zimenezo, makamaka poti amene amasenza ntchito zaulere zoterezi nthawi zambiri ndi amayi omwe aja akuphika kale phala.

Pali chinthu china chimene sitikonda kuchitchula pamsonkhano. Si aliyense wofuna kukhala pafupi ndi ana amene ali ndi zolinga zabwino. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ana la 2010, koma lamulo limagwira ntchito zinthu zitaonongeka kale. Chitetezo chenicheni chili m'kakonzedwe. Kuwerenga kuzichitikira poyera, pabwalo la sukulu kapena pansi pa mtengo pamene aliyense wodutsa akuona, osati kunyumba kwa wodzipereka, osati m'kalasi yotseka chitseko. Akuluakulu azikhala awiri nthawi zonse. Mayina awo adziwike kwa a hedi, kwa amfumu ndi kwa gulu la amayi. Munthu wabwino sakhumudwa ndi malamulo otere, ndipo amene wakhumudwa nawo wakuuzani kale kanthu. Chikwapu nacho chisapezeke, ngakhale chongoopsezera, ngakhale mawu akuti "iwe ndiwe mbuli." Mwana amene wafika Sitandade 3 osadziwa kuwerenga wamva kale mawu amenewo kokwanira, ndipo theka la ntchito ya wodzipereka ndi kumuchotsa mantha olakwitsa.

Chovuta kwambiri chikhalabe chija anachipeza ku Jaunpur. Mukalengeza kuti Loweruka m'mawa kuli kuwerenga, amene abwere ndi ana a makolo osamala kale, ovala bwino, ambiri mwa iwo owerenga kale. Wodzipereka amasangalala nawo chifukwa amayankha msanga, ndipo amapita kwawo akuganiza kuti ntchito ikuyenda. Mwana amene timamufuna uja ali kumsika akugulitsa mandasi, ali kudambo ndi mbuzi, kapena wabereka mng'ono wake kumbuyo. Ndiye musalengeze. Pemphani aphunzitsi akupatseni mayina a ana khumi amene ali kumbuyo kwenikweni, muwayese, mupite kwa makolo awo mmodzimmodzi kukapempha. Nthawi yabwino ndi pamene ana a makalasi aang'ono angoweruka, asanabalalike, poti iwo amaweruka msanga kusiyana ndi akuluakulu. Akapita kaye kunyumba sabweranso. Nyengo ya dzinja, pamene njala yafika pachimake ndipo mitsinje yadzaza, chiwerengero chidzatsika, ndipo zimenezo zisakugwetseni ulesi. Mwana akajomba kawiri motsatizana, wina apite kwawo. Osati kukakalipa. "Mayi, tinamusowa mwana wathu uja Lachiwiri, kaya ali bwanji?" Mawu amenewa amabweza ana ambiri kusiyana ndi chindapusa cha amfumu.

Mwana akayamba kuphatikiza mawu amafuna chowerenga, ndipo apa ndi pamene timagwa. M'nyumba zambiri zolembedwa zimene zilimo ndi Baibulo, buku la nyimbo ndi kabuku ka kuchipatala, basi. Wodzipereka wochenjera amadula makatoni n'kulembapo maphatikizo, amalemba nthano za agogo a m'mudzimo pa mapepala a kope, amauza ana anene nkhani yawo iye n'kumalemba, kenako iwo n'kuiwerenga. Zimenezi zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa buku lenileni loti mwana apite nalo kunyumba akawerengere mng'ono wake. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'sukulu zina mabukuwo alipo. Ali m'makatoni mu ofesi ya a hedi, ena sanatsegulidwe n'komwe, chifukwa a hedi akuopa kuti akawapereka ang'ambika kapena asowa, ndipo akadzabwera a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a m'zoni, kudzawerenga katundu mlandu udzakhala wawo. Sindiwaimba mlandu a hedi, chifukwa dongosolo limawalanga buku likasowa koma siliwafunsa kanthu buku likadyedwa ndi chiswe lili m'katoni. Unduna ukhoza kukonza zimenezi ndi kalata imodzi yopita m'mazoni onse, yonena kuti buku lotha chifukwa chowerengedwa si mlandu wa munthu, ndiponso kuti gulu la odzipereka lovomerezeka ndi komiti ya sukulu likhoza kubwereka mabuku polemba m'kaundula, ana n'kumapita nawo kunyumba Lachisanu n'kubwera nawo Lolemba.